Mphatso ya Ulendo: Vocha, Tsiku Losungitsiratu, Kapena Kunyamuka Nawo Limodzi?

Miyezi ingapo yapitayo, ndikuthandiza azakhali anga kusuntha katundu m'nyumba mwawo, ndinapeza kapepala kolimba, kosindikizidwa mokongola, kali pakati pa buku lawo la nyimbo za kutchalitchi. Inali vocha yokagonera masiku awiri pamalo ena ofikira alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, imene ana awo anasonkherana kuwagulira pamene ankapuma pantchito ya uphunzitsi. Tsiku lake lothera linali litadutsa kalekale. Nditawafunsa chifukwa chimene sanapitire, anayankha motsitsa mawu kuti: "Mwanawe, pepalalo linkanena za kogona ndi kadzutsa basi. Nanga ya minibasi, ya nkhomaliro ndi ya mgonero ndikanaitenga kuti? Komanso munthu wamkulu ngati ine ndikakhale ndekhandekha pamchenga ngati wosowa abale?" Azakhaliwo sanawauze kanthu ana awo poopa kuoneka ngati osayamika, choncho ndalama zonse zija zinapita popanda ngakhale phazi limodzi loponda m'madzi.

Mphatso ya ulendo ndimaikonda, ndipo ndikufuna kuti ifalikire pakati pathu. Pa ukwati, pa tsiku lomaliza maphunziro kapena pa Tsiku la Anakubala timapatsana mbale, mafulasiki ndi nsalu mpaka zina kungounjikana pamwamba pa kabati, chonsecho kuno kwathu kuli anthu ambiri akuluakulu amene njovu anaiona pa ndalama ndi m'buku la kusukulu basi, ndipo ena anakalambira ku Dedza kapena ku Ntcheu osalawako chambo chowotchedwa pomwe chavuulidwira. Koma zimene zinawachitikira azakhali anga zinandiphunzitsa kuti mphatso yotereyi tisamaiyeze ndi kukongola kwa malo kapena kukula kwa ndalama zimene wogula watulutsa. Tiiyeze pofunsa kuti wolandirayo adzatulutsa zingati m'thumba mwake, ndiponso adzavutika motani, kuti pepala lija lisanduke ulendo weniweni. Njira zonse zimene ndikuyerekeze pano ndaziyeza ndi muyeso umenewo.

Kaperekedwe kake

Njira yosavuta kwambiri kwa wogula ndi vocha yolembedwa ndalama. Mumalipira, tinene, K400,000 kumalo ogonako, ndipo mwini mphatso amakaidyera mmene akufunira, kaya pa chipinda, pa chakudya kapena pa boti. Ufulu umenewo ndi wabwino, koma vocha yamtunduwu ili ndi mdani wamkulu, amene ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Malo ambiri ogona a kunyanja ndi a m'nkhalango za nyama amawerengera mitengo yawo m'madola ngakhale akulandira makwacha, motero vocha imene inkakwanira kugona masiku awiri mu Okutobala 2023 sinkafikanso pa tsiku lachiwirilo pofika Khirisimasi. Aliyense amene anagwirapo kuponi ya feteleza amadziwa kuti mphamvu ya pepala imaoneka tsiku lokaombola, pamene akuuzani ndalama zoonjezera. Munthu amene mwamupatsa mphatso asakaime pa kauntala n'kuuzidwa kuti aonjezere, chifukwa manyazi ake amafafaniza chisangalalo chonse.

Yoposa imeneyi ndi vocha yotchula zinthu mayina, mwachitsanzo yolembedwa kuti anthu awiri adzagona masiku awiri, adzadya katatu patsiku, ndipo adzakwera boti kamodzi. Mitengo ikakwera pakati apa, vutolo ndi la eni malowo, osati la wolandira. Mwa mavocha onse, imeneyi ndi imene ndingalimbikitse, komabe ili ndi misampha yake iwiri. Msampha woyamba ndi wakuti eni malo, podziteteza ku kukwera kwa mitengo komweko, amaiikira malire a nthawi, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Wachiwiri ndi wakuti ambiri salola kuti igwire ntchito pa masiku a chikhamu, monga Khirisimasi, Chaka Chatsopano, Isitala ndi tchuthi cha Anakubala cha pa 15 Okutobala, pamene kwa namwino, mlonda kapena kalaliki wa kubanki masiku amenewa ndi okhawo amene angachoke pakhomo ndi banja lake. Mawu ang'onoang'ono olembedwa kunsi kwa vocha muwawerenge musanalipire, ndipo ngati palibe cholembedwa, pemphani kuti alembe.

Njira ina ndi kusungitsiratu malo pa tsiku lodziwika. Kwa akwati atsopano palibe yoposa iyi, chifukwa tsiku la ukwati limadziwika miyezi yambiri lisanafike, ndipo anthu awiri otopa ndi misonkhano ya komiti, mavinidwe ndi perekaniperekani safuna kuyambanso kuimba mafoni ofunsa ngati chipinda chilipo. Abale kapena anzawo a kuntchito akasonkherana n'kuwalipirira masiku atatu oyambira Lolemba lotsatira ukwati, amakhala awapatsa chinthu chimene iwo eni sakanadzigulira ndalama zonse zitathera pa holo ndi chakudya cha alendo. Kuipa kwake n'kwakuti chakudza sichiimba ng'oma. Kwathu kuno maliro amaimitsa chilichonse, ndipo palibe munthu wolongosoka amene angapite kukasambira kunyanja amalume ake ali chigonere m'nyumba ya chisoni. Funsani ngati tsiku lingasunthidwe popanda chindapusa, ndiponso kuti muyenera kuwadziwitsa kutatsala masiku angati. Musasungitsenso tsiku mobisa kwa munthu wolembedwa ntchito amene ayenera kupempha tchuthi kwa abwana ake, kapena kwa mlimi pa nthawi yobzala ndi kupalira mu Disembala ndi Januwale, ngakhalenso yokolola mu Epulo ndi Meyi. Mlimi woitanidwa kunyanja chimanga chili m'munda amapita thupi lokha, mtima atausiya kumudzi.

Pa makolo okalamba maganizo anga ndi olimba: musawapatse pepala, atengeni mupite nawo. N'zoona kuti njira imeneyi imadya ndalama zambiri, popeza mukulipiranso chakudya ndi kogona kwa inu eni, ndipo imafuna nthawi yanu, imene mwina ndi yosowa kuposa ndalamazo. Koma taganizirani zimene mayi wa zaka 70 amakumana nazo akafika yekha pahotela: fomu ya Chingerezi, kiyi wooneka ngati khadi la kubanki, ndandanda wa zakudya zimene sanazimvepo, ndi mantha akuti chilichonse chimene angakhudze adzachilipira. Akakhala ndi mwana wake pambali, zonsezi sazionanso, ndipo chimene amachiona ndi nyanja yokhayo. Ulendo wa tsiku limodzi ku Senga Bay, pa galimoto yobwereka, muli ndi adzukulu, mpunga ndi nkhuku zophikira kunyumba, umawakomera makolo ambiri kuposa masiku atatu pamalo odula ali okha.

Tisanyoze ndalama za mu envelopu. Ngati pakhomo pa wolandirayo pali mwana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kapena feteleza sanagulidwe mvula ili pafupi, vocha ya K400,000 ya kunyanja imamuwawa mtima m'malo momusangalatsa, chifukwa akaiyang'ana amaona matumba a feteleza amene sangawagwire. Zikatero mupatseni ndalama, ndipo musamulamule kuti apitire ulendo. Koma mukapereka ndalama mukufuna kuti munthu akaonedi malo, dziwiranitu kuti ulendowo sudzachitika, pakuti ndalama ikalowa m'nyumba imapeza ntchito tsiku lomwelo.

Kunyanja

Anthu ambiri akamva za mphatso ya ulendo amaganiza za nyanja, ndipo salakwa, koma nyanja yathu si imodzimodzi paliponse. Senga Bay ku Salima, womwe ndi ulendo wa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono kuchokera ku Lilongwe, ndiponso gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, ndi malo a mchenga wambiri ndi madzi oyamba mosazama, ofikika pa msewu wa tala. Amenewa ndi oyenera banja la ana aang'ono ndi anthu okalamba, malinga mupewe masiku a tchuthi, pamene mabasi a masukulu, a makwaya ndi a magulu a amayi amadzaza gombe lonse. Amene amakonda chikhamu ndi nyimbo adzasangalala pa masiku omwewo, choncho yambani mwadziwa mtima wa munthu wanu.

Cape Maclear ndi yosiyana. Ili m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba za mbuna zimene sizipezeka kwina kulikonse. Malo ogona ali mkati mwa mudzi wa Chembe, moyandikana ndi matandala oyanikapo usipa, ndipo chokoma chenicheni cha kumeneko ndi boti lopita ku chilumba cha Thumbi. Woyendetsa boti amazimitsa injini pafupi ndi miyala, amaimba likhweru, n'kuponya kansomba m'madzi, ndipo nkhwazi imene inali phee pamtengo imatsika ndi liwiro, kukatola ndi zikhadabo zake madzi n'kuthovoka pang'ono chabe. Kenaka amakupatsani galasi lovala kumaso, ndipo mukangoviika nkhope mumaona mbuna zabuluu ndi zachikasu zikuzungulira zala zanu. Vocha ya ku Cape Maclear yopanda boti limeneli ndi yoperewera, ndipo muonetsetse kuti ndalama yolowera m'paki yawerengedwamo, komanso kuti m'botimo muli majekete oyandamitsa okwanira aliyense.

Nkhata Bay ndi ya achinyamata ndi anthu a miyendo yolimba, chifukwa malo ambiri ogona anamangidwa pazitunda za miyala, masitepe ndi ochuluka, ndipo madzi amazama msanga. Kumeneko ndi ku Cape Maclear kuli masukulu ophunzitsa kumira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya, maphunziro a masiku anayi kapena asanu amene amatha ndi satifiketi yovomerezeka kunja, ndipo kwa mnyamata kapena mtsikana wodziwa kusambira amene wamaliza digiri yake, imeneyi ndi mphatso yapamwamba. Wofuna mchenga woyera ndi bata kumpoto apite ku Chintheche.

Nyengo imasintha zonsezi. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumawomba mwera, nyanja imakalipa, ndipo maulendo a boti amalephereka masiku ena, pamene kuyambira Seputembala mpaka Novembala madzi amakhala odekha ndi oyera ngakhale kuti kumatentha. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi zipinda za malo ena ogona, kotero musadalire zithunzi zakale za pa intaneti, koma pemphani chithunzi chojambulidwa sabata yomweyo. Mumuuzenso wolandirayo za neti yoteteza ku udzudzu, ndi kuti akasambira pafupi ndi mabango kapena pamadooko a m'midzi akapite kuchipatala pakapita masabata angapo kukayezetsa likodzo.

Liwonde kapena Majete

Nkhalango ziwirizi zimayendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, Majete kuyambira 2003 ndipo Liwonde kuyambira 2015, ndipo konseko Mmalawi amalipira ndalama yolowera yotsika kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, bola aonetse chiphaso chake cha unzika. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaganiza kuti kukaona nyama ndi kwa azungu okha.

Mphamvu ya Liwonde ndi mtsinje wa Shire. Munthu amakhala pampando m'boti, pamthunzi, ndipo nyama ndi zimene zimabwera kumadzi: mvuu zikufwenthera m'magulumagulu, ng'ona zitayasamula pamchenga, njovu zikumwa ndi kudya bango pansi pa migwalangwa. Palibe kuyenda pansi kapena kugwedezeka m'galimoto, choncho kwa munthu wa nyamakazi kapena wodwala msana palibe njira ina yoonera nyama yoposa iyi. Kumeneku n'kumene tinawatengera azakhali anga patapita nthawi, titanyamuka m'mamawa ndi kubwerera tsiku lomwelo. Boti litayandikira gulu la njovu anagwira mkono wanga mwamphamvu, nakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati: "Zaka zonse zija ndinkajambula chinthu ichi pabolodi, osadziwa kuti makutu ake amakupiza ngati lichero." Ku Liwonde anabwezeretsako nyama zothamanga kwambiri zija zotchedwa cheetah mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndipo kulinso zipembere, koma zimenezi zimafuna ulendo wa pagalimoto m'mamawa kapena madzulo. Ngati thumba likulola kugona tsiku limodzi, vocha yake itchule boti ndi galimoto zonse ziwiri.

Majete ili ku Chikwawa, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, ndipo kwa anthu a mumzindawu ndi yosavuta kupita ndi kubwerako dzuwa lisanalowe. Inali nkhalango imene nyama zinatheratu ndi opha mozembera, koma lero muli mikango, anyalugwe, njovu, njati ndi zipembere, kuphatikizapo mathithi a Kapichira, amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859. Kwa munthu wokonda mbiri, kapena mwana wasukulu amene wakhoza mayeso, Majete ili ndi nkhani yambiri yokamba pobwerera. Komabe tchire lake ndi lowirira, nyama zimafuna kuzisaka ndi maso modekha, ndipo kutentha kwa ku Chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala kumatha kupitirira madigiri 40, zimene si zabwino kwa wodwala mtima kapena wothamanga magazi. Tsiku la Anakubala limagwera m'nyengo yomweyi, kotero amene akufuna kutengera amayi awo kumeneko aganizire za Juni, Julayi kapena Ogasiti. Ndikafunsidwa kusankha pakati pa ziwirizi kwa munthu amene sanaonepo nyama zakutchire, ndimasankha Liwonde chifukwa cha mtsinjewo, umene sukhumudwitsa. Konseko muuzeni mwini mphatso poyambirira kuti palibe vocha imene ingalonjeze mkango.

Mulanje kapena Zomba

Phiri la Mulanje si mphatso ya aliyense, koma kwa amene likumuyenera limakhala chinthu chosaiwalika. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo kuti munthu akafike ndi kubwerako amafunika masiku atatu, akugona m'tinyumba ta pamwamba pa phiri monga Chambe, Thuchila kapena Chisepo, mmene muli mlonda ndi nkhuni koma chakudya mumanyamula nokha. Pano vocha yeniyeni ndi malipiro a wolondolera njira ndi wonyamula katundu, amene amapezeka ku Likhubula, m'munsi mwa phirilo, ndipo chimandisangalatsa n'chakuti ndalama zake zimalowa mwachindunji m'manja mwa anyamata a m'midzi yozungulira phirilo. Musachotsepo wolondolera njira pofuna kupulumutsa ndalama. Chiperoni chikagwa, chifunga chimaphimba njira m'kanthawi kochepa, ndipo alipo alendo amene anataya miyoyo yawo atakwera okha ku Sapitwa. Mphatsoyi ikhale ndi nsapato zolimba ndi juzi yotentha, zogula kapena zobwereka, popeza mnyamata wokulira ku Ndirande kapena ku Area 25 sakhala nazo zoterezi pakhomo. Amene simukutsimikiza za mphamvu zake mutengereni ku Dziwe la Nkhalamba, mathithi amene munthu amafikako atayenda pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Likhubula.

Zomba ndi phiri la munthu amene akufuna mphepo yozizira popanda thukuta, chifukwa galimoto imakwera mpaka pamwamba. Kuli damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe, ndi malo oonerapo patali a Emperor's View, amene anatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, ndipo m'mbali mwa msewu ana ndi amayi amagulitsa masitiroberi ndi zipatso zina za m'phirimo. Kwa banja lokumbukira zaka 25 za ukwati, kugona tsiku limodzi pamwamba pa Zomba n'kokwanira.

Pali maulendo ena aafupi amene anthu amawaiwala chifukwa satchuka pa zithunzi. Ku Thyolo, esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo odzalawa mitundu ya tiyi ndi kuyenda m'minda. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni ndi nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, mmene muli zigoba za Gule Wamkulu zambirimbiri pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo kufupi ndi boma la Dedza kuli zojambula zakale za pamiyala za Chongoni, zopezeka pamalo 127, zimene UNESCO inazizindikira mu 2006. Kwa mphunzitsi, m'busa kapena aliyense wokonda kuwerenga, tsiku limodzi ku Mua limaposa sabata ya pamchenga, ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Maulendo okoma koma ovuta kupatsa munthu

Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba n'kubwerera, kamodzi pa sabata, ikuima ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi madooko ena. Kugona pamwamba pa sitimayi nyenyezi zili mbuu, n'kukatsikira ku Likoma kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene anayamba kumanga mu 1903, ndi ulendo umene Mmalawi aliyense akanayenera kuuyenda kamodzi. Koma monga mphatso ndi wovuta. Nthawi yofika ndi yonyamuka imasintha malinga ndi katundu ndi mphepo, sitima imaima kaye ikamakonzedwa, ndipo pamadooko ena anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, nthawi zina usiku, n'kumalizitsa ndi kuyenda m'madzi. Umayenera munthu amene wapuma pantchito akadali ndi mphamvu, kapena wachinyamata amene akudikira zotsatira za mayeso, osati wa tchuthi cha masiku atatu kapena gogo woyenda ndi ndodo.

Chimodzimodzinso Nyika, paki yaikulu kuposa zonse m'dziko muno, ya zitunda za udzu kumene mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera. Kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda, malo ogona a m'pakimo, ndi makilomita oposa 100 a msewu wafumbi wofuna galimoto yamphamvu ndi mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, ndipo pa nthawi imene mafuta akusowa m'dziko, mtengo wa mayendedwe ukhoza kuposa wa kogona. Maluwa ake otchuka amaphuka nthawi ya dzinja, ndipo walira mvula walira matope. Vocha ya ku Nyika yopanda galimoto ndi dalaivala musaigule.

Palinso ulendo umene sugulitsidwa pa vocha iliyonse, koma kwa akuluakulu ena umaposa yonse imene ndatchulayi. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni ali ndi Umthetho ku Hora m'boma la Mzimba ndi Umhlangano ku Ntcheu, ndipo Alhomwe amakumana kwa Chonde ku Mulanje mu Okutobala. Bambo amene wakhala akumva za Kulamba pa wailesi moyo wake wonse, mukamukonzera mayendedwe, zikalata zodutsira pachipata cha Mchinji, kogona ku Chipata ndi mdzukulu womuperekeza, mwamupatsa chinthu chimene adzachikamba pabwalo mpaka kale.

Musanatumize ndalama

Masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anthu ambiri otsatsa maulendo a magulu ndi mavocha otsika mtengo. Ambiri ndi achinyamata akhama amene akutsegulira Amalawi anzawo dziko lawo lomwe, ndipo ndi oyenera kuwalimbikitsa, koma pakati pawo pamabisalanso akamberembere. Njira yodzitetezera ndi yachidule. Imbirani foni malo ogonawo pa nambala imene mwaipeza panokha, mufunse ngati akumudziwa wotsatsayo ndiponso ngati vocha yake amailandira. Funsani ngati kampaniyo ili ndi chilolezo cha boma choyendetsera ntchito zokopa alendo. Lipirani ku akaunti ya kampani, kaya kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, osati ku nambala ya munthu, ndipo mutenge lisiti. Pa vochapo palembedwe tsiku lothera, zonse zimene zalipiridwa, ngati misonkho ndi ndalama zolowera m'paki zilimo, ndiponso ngati ingasinthidwe dzina n'kupatsidwa munthu wina mwiniwake akadwala. Zinthu zikasokonekera, mapepala amenewa ndi amene mungapite nawo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula.

Abale athu a ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Manchester, amene ndi ogula ambiri a mphatso zoterezi, asamale pa chinthu chimodzi. Mukasungitsa malo pa intaneti muli kunja, makinawo akhoza kukupatsani mtengo wa alendo akunja, pamene odzagonawo ndi Amalawi okhala konkuno oyenera mtengo wotsika. Lembani kalata kapena imbani foni, munene momveka kuti alendowo ndi nzika, ndipo mupemphe mtengo wawo. Ndalama za kogona mulipire mwachindunji kumaloko, koma za mayendedwe muzitumize padera kwa mbale wodalirika amene adzawaperekeze makolowo, kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke, kuti zisapeze ntchito ina panjira.

Popereka mphatsoyo, mu envelopu musakhale vocha yokha. Muikemo ndalama ya mayendedwe yopita ndi yobwerera, kandalama kogulira nsomba kapena zipatso zopita nazo kunyumba, pakuti palibe Mmalawi wobwera kuulendo chimanjamanja, ndi kapepala kolembedwa m'Chichewa kofotokoza zimene zalipiridwa kale ndi nambala ya munthu wokamufunsa akafika. Tsiku lothera la vochayo mulilembe pa kalendala yanu inuyo wogula, ndipo kukatsala miyezi iwiri muimbe foni kufunsa kuti anyamuka liti komanso apita ndi ndani.